Momwe mungatumizire uthenga woti anthu auwerenge n'kuchitapo kanthu

Tsiku lina ndinajambula voice note ya mphindi 6 n'kuiponya pa gulupu yathu ya WhatsApp. Ndinayamba ndi moni, ndinapepesa chifukwa cha phokoso la magalimoto amene ankadutsa, ndinathokoza aliyense amene anabwera pa msonkhano wapitawo, ndinadandaulako za chimfine chimene chinandigoneka masiku atatu, ndipo chakumapeto kwenikweni ndinanena kuti msonkhano wa Loweruka tausunthira Lachisanu. Pa anthu 23, Lachisanulo tinapezeka anayi. Loweruka m'mawa foni yanga inachita kutentha ndi mauthenga a anthu amene anali pa Zoom kudikirira mlembi wawo.

Msungichuma wathu, mayi wosabisa mawu, anandiimbira. "A mlembi, kodi mumafuna timve za chimfine chanu kapena mumafuna tibwere ku msonkhano?" Ndinalibe choyankha.

Ndine mlembi wa kagulu ka anthu amene tinaphunzira limodzi kalekale. Pano tinamwazikana, ena ali m'mayiko amene dzuwa limatuluka ife tikukagona, choncho pafupifupi ntchito yathu yonse imayenda pa foni ndi pa kompyuta. Zimene ndikuuzeni pano ndinaziphunzira molakwitsalakwitsa. Mutu wake ndi umodzi: musanagwire foni, dzifunseni kuti munthu amene mukumutumizira uthengayo mukufuna achite chiyani akaulandira, nanga achite liti. Mukadziwa zimenezo, chida choyenera chimadzisankha chokha.

Uthenga wolemba

Nkhani yaikulu izikhala pa mzere woyamba. Anthu ambiri satsegula uthenga wonse, amangosuzumira timawu timene tatulukira pamwamba pa sikirini foni ikalira, ndipo pamenepo mpamene amaganiza zowerenga tsopano kapena madzulo. Madzulo amenewo nthawi zambiri safika.

Sindikunena kuti musiye moni. Moni ndi ulemu, ndipo ine uthenga wopanda moni umandinyansa. Cholakwika ndi kutumiza "Moni a mlembi" wokhawokha n'kukhala chete kudikirira kuti ndiyankhe, kenako "muli bwanji", n'kudikiranso. Ngati ndikuyankha pakadutsa maola awiriawiri, nkhani imene ikanatha m'mawa imagonera. Ikani moni ndi nkhaniyo mu uthenga umodzi. Nawu umene ndikanatumiza tsiku lija ndikanakhala ndi nzeru:

"Moni nonse. Msonkhano wasintha: ndi Lachisanu pa 14, osati Loweruka. Nthawi ndi 7 koloko madzulo ya kwa a wapampando. Linki ndi yomwe ija. Amene simukwanitsa, ndiuzeni pofika Lachitatu."

Taonani kuti mulibe mawu oti "mawa" kapena "mkuja". Munthu akhoza kuuwerenga uthengawo patapita masiku awiri, mawa lanu n'kukhala dzulo lake. Tchulani tsiku ndi deti lomwe. Ngati anzanu ali m'mayiko osiyana, nenaninso kuti nthawiyo ndi ya kuti, makamaka m'miyezi ya March ndi October pamene mayiko a ku Ulaya amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi. Ife zinatichitikirapo kawiri, mnzathu wina n'kufika tikutseka ndi kutsazikana.

Pa WhatsApp, mawu mukawaika pakati pa tinyenyezi tiwiri amatuluka okhuthala. Chitani zimenezo pa tsiku ndi nthawi basi. Mukakhuthalitsa chilichonse ndiye kuti palibe chimene mwaonetsa. Ndipo musadule uthenga umodzi m'tizidutswa 7, chifukwa foni ya mnzanuyo ilira ka 7, iye n'kumyuta gulupuyo, ndipo kuyambira pamenepo mwamutaya.

China chimene ndinachedwa kuchizindikira ndi ichi. Mukalemba pa gulupu kuti "wina atithandize kulemba kalata", palibe amene alembe. Aliyense amaganiza kuti "wina" ndi mnzake. Tchulani munthu. Mukalemba chizindikiro cha @ mayina a anthu a m'gulupumo amatuluka, musankhe mmodzi, mumupemphe mwaulemu, mumuuzenso tsiku limene kalatayo ikufunika. Ngati mukufuna anthu asankhe tsiku la msonkhano, musafunse kuti "kodi tikumane liti", chifukwa mulandira mayankho 23 osiyana ndi mkangano pamwamba. Kuyambira mu 2022 WhatsApp ili ndi Poll: ikani masiku atatu, aliyense adine limene akufuna, muwerenge mavoti. Chimene mwagwirizanacho muchikhomere pamwamba pa gulupu ndi Pin, chikhale pomwepo maola 24, masiku 7 kapena masiku 30.

SMS musaiyiwale. Yoyamba inatumizidwa pa 3 December 1992, ndipo mpaka lero imodzi imanyamula zilembo 160 zokha. Ubwino wake ndi woti sifuna intaneti. Munthu amene data yamuthera, SMS imamupezabe. Ine malire a zilembo 160 amenewa ndimayezera nawo ngakhale mauthenga a pa WhatsApp: ngati pempho langa silingakwane mu SMS ziwiri, ndiye kuti mwina sindinaliganizire bwino, kapena ndi nkhani ya imelo.

Nanga voice note tiitaye? Ayi. Pali zinthu zimene mawu apakamwa amanyamula bwino kuposa zilembo: kupepesa, kutonthoza wofedwa, kuyamikira munthu amene wavutikira gulu. Ilinso yabwino kwa munthu amene maso akumuvuta kapena amene kuwerenga kumamutopetsa. Koma isapitirire mphindi imodzi, ndipo nkhani yake muinene m'masekondi 10 oyambirira. Tsiku, nthawi, nambala kapena dzina la malo muzilembe pansi pake, chifukwa munthu akamafufuza pa Search sabata yamawa apeza mawu olembedwa, osati zimene munalankhula. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2021 anthu amatha kuthamangitsa mawu anu pa 1.5x kapena 2x. Anzanga anandiululira kuti ine amandimvera pa 2x nthawi zonse. Zinandipweteka pang'ono, koma ndinawamvetsa.

Za timizere tabuluu

Pa WhatsApp, kamzere kamodzi kotuwa pambali pa uthenga wanu kakutanthauza kuti uthengawo wachoka m'foni yanu. Tiwiri totuwa, wafika m'foni ya mnzanuyo. Tikasanduka tabuluu, wautsegula. Ndi zokhazo basi. Timizere tabuluuti tinabwera mu 2014, chaka chomwe Facebook inagula WhatsApp, ndipo ndikukhulupirira kuti tadanitsa anthu ambiri amene analibe mlandu. Kutsegula uthenga si kuuwerenga modekha. Munthu akhoza kuutsegula ali pa mzere, ali ndi mwana m'manja, ali pakati pa ntchito. Enanso anatizimitsa ku Privacy, ngakhale kuti pa gulupu timaonekabe: mukadina uthenga wanu kwa kanthawi n'kusankha Info, muona amene wautsegula ndi amene sunamufike.

Inuyo mukalandira uthenga wofuna kuganizira, musaugoneke mwakachetechete. Lembani kuti "Ndalandira, ndiyankha Lachiwiri." Timawu titatu timeneti timapulumutsa mnzanu ku maganizo, ndipo inu timakupulumutsani ku mauthenga a "mwaona?" atatu otsatizana.

Nthawi yosiya kulemba n'kuimba

Wapampando wathu ndi bambo wachikulire, wofatsa kwambiri. Mnyamata wina m'gulu lathu anawalembera maganizo ake ataliatali pa za malamulo a gulu, iwo n'kuyankha kuti "Chabwino." Anaika ndi kadontho kumapeto, monga anaphunzitsidwira kusukulu. Mnyamatayo anaona ngati amunyoza. Anandilembera pambali kuti akutuluka m'gulu. Nditawaimbira a wapampando anadabwa kwambiri: "Inetu ndimati ndagwirizana naye, mwana ameneyu walemba zanzeru." Zilembo zilibe nkhope, zilibe kamvekedwe. Woziwerenga amaziveka nkhope imene ali nayo mumtima nthawi imeneyo.

Lamulo langa ndi loti tikabwezerana mauthenga katatu osamvana, ndimaimba. Nkhani ya ndalama zosowa, yodzudzula munthu, yokana pempho, kapena ya maliro a wachibale wa munthuyo, ndimayamba ndi kuimba, sindiyamba ndi kulemba. Ndipo kudzudzula munthu pa gulupu anthu 22 akuonerera, musayerekeze. Ngakhale mukhale kuti mukunena zoona, iye adzateteza nkhope yake osati kumva mfundo yanu.

Mukamaliza kulankhulana, lembani mizere iwiri: "Monga tagwirizana pa foni, inu mutumiza lipoti Lolemba, ine ndiuza gulu." Foni imathetsa mkangano koma siisunga umboni.

Mukalemba mutakwiya, musatumize. WhatsApp imalola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15, ndipo Delete for everyone imagwira pafupifupi masiku awiri. Koma zonsezi zimasiya chipsera: pamalembedwa kuti uthengawu wakonzedwa kapena wafufutidwa, ndipo amene anali maso anawerenga kale, mwinanso anajambula sikirini. Madzi akatayika saoleka.

Imelo

Imelo ndi nkhalamba pa zida zolemberana zonsezi. Ray Tomlinson ndi amene anasankha chizindikiro cha @ mu 1971. Achinyamata a m'gulu lathu amaiona ngati ya agogo, koma chinthu chimene mudzachifune pakatha chaka, monga lipoti la ndalama, kalata yopita ku bungwe lina kapena zimene munagwirizana pa msonkhano, malo ake ndi amenewa. Pa gulupu zimakwiririka ndi zithunzi za masiku obadwa.

Mutu wa imelo uzinena nkhani yonse. "Moni" si mutu. "Lipoti la ndalama, January mpaka June, muvomereze pofika pa 20" ndiye mutu. Pa To ikani amene mukufuna achitepo kanthu. Pa Cc ikani amene akungofunika kudziwa. Bcc ndi ya pamene mukutumizira anthu ambiri osadziwana, kuti wina asaone adiresi ya mnzake. Ndipo musanadine Reply all dzifunseni ngati anthu 23 akufunikadi kuwerenga "zikomo" wanu.

Ine ndimayamba ndi kumata fayilo, kenako kulemba uthenga, adiresi ya munthu n'kumalizira. Ndikatero imelo singathawe ili theka, ndipo sindilembanso ija yochititsa manyazi yoti "pepani ndinaiwala fayilo". Ngati mumagwiritsa ntchito Gmail, pitani ku Settings pa kompyuta, mupeze Undo Send, muiike pa masekondi 30, omwe ndi ochuluka kwambiri amene amalola. Masekondi amenewa anandipulumutsapo nditatsala pang'ono kutumiza lipoti la msungichuma kwa munthu wolakwika wa dzina lofanana. Palinso Schedule send: mukalemba pakati pa usiku, iuzeni ipite 8 koloko m'mawa. Gmail siinyamula mafayilo oposa 25 MB, choncho zazikulu muziike pa Google Drive n'kutumiza linki.

Chenjezo limodzi: nkhani imodzi isayende m'njira ziwiri. Mukatumiza lipoti pa imelo, pa WhatsApp mungolemba kuti "onani imelo, muyankhire komweko". Mukalola ena ayankhe uku ena uko, mudzapeza kuti theka la gulu lagwirizana china, theka linalo china. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chikalata chimodzi, osati zisanu

Titayamba kulemba malamulo a gulu lathu, ndinatumiza fayilo kwa anthu asanu. Aliyense anakonza yake n'kundibwezera. M'kompyuta yanga munadzaza "malamulo", "malamulo atsopano", "malamulo omaliza", "malamulo omaliza enieni". Tsiku lovota ndinawerenga yolakwika, ndipo ndime imene tinakangana sabata yathunthu kuti tiichotse inabwereranso.

Pano timagwiritsa ntchito Google Docs. Chikalata chimakhala chimodzi, aliyense amalowa momwemo. Pogawana, sankhani bwino mphamvu imene mukupatsa munthu: Viewer amangowerenga, Commenter amaikapo ndemanga ndi kupereka maganizo a zosintha, Editor amasintha chilichonse. Ine Editor ndimapatsa anthu awiri okha. Wina akafufuta ndime mwangozi, Version history imakuonetsani mmene chikalatacho chinalili dzulo ndi amene anachikhudza. Ndipo mukafuna kutumiza chithunzi cha lisiti kapena kalata pa WhatsApp, chitumizeni ngati Document. Mukachitumiza ngati chithunzi wamba amachifinya kuti chichepe, timanambala n'kusaoneka.

Msonkhano wa pa vidiyo

Tinayamba ndi Skype, yomwe inabwera mu 2003 ndipo Microsoft inaitseka mu May 2025. Pano timasinthasintha pakati pa Zoom ndi Google Meet. Zonse ziwiri zimalola anthu 100 kwaulere. Zoom yaulere imakudulani pakatha mphindi 40, Meet imalola gulu kufika mphindi 60. Anzanga amadandaula ndi mphindi 40 zimenezi, ine ndimazikonda. Chiyambireni kudziwa kuti chitseko chitsekeka chokha, malonje athu anafupika.

Tumizani mitu ya zokambirana dzulo lake, isapose itatu, ndipo linki muitumizenso kutatsala mphindi 10, chifukwa palibe amene adzaifufuze m'mwamba. Aliyense amene sakulankhula atseke maikolofoni. Pa Zoom ya pa kompyuta, mukapanikiza batani lalitali la space maikolofoni imatseguka, mukalisiya imatsekanso, ndipo izi zimathandiza pa kuyankha kwa mawu awiri. Mukamva mawu akubwerezabwereza kapena kulira kwa tswii, kawirikawiri ndi anthu awiri amene ali m'chipinda chimodzi aliyense ndi foni yake, kapena wina amene sanavale mahedifoni. Netiweki ikayamba kudukaduka zimitsani kamera, chifukwa zithunzi ndi zimene zimadya data yambiri, mawu amadya pang'ono. Mukayatsa kamera, zenera likhale kutsogolo kwanu. Likakhala kumbuyo timangoona chithunzithunzi chakuda chikugwedeza mutu.

Chimene chimavuta kwambiri si zida ayi, ndi kachedwedwe ka mawu. Mawu amafika mochedwa pang'ono, mwina theka la sekondi, ndiye anthu awiri amayamba limodzi, n'kusiya limodzi, "pitirizani", "ayi pitirizani inu", n'kuyambanso limodzi. Mankhwala ake ndi wapampando amene amatchula mayina. Asamafunse kuti "pali wina ali ndi mawu?" koma aziti "Mayi msungichuma, inu mukuti bwanji?" Akafunsa funso adikire masekondi asanu athunthu asanapitirire. Amaoneka aatali, koma anthu ofatsa amalankhula pa sekondi yachinayi. Kujambula msonkhano, pemphani kaye chilolezo. Ndipo musadalire chojambulidwacho, palibe amene adzaonere ola lathunthu. Lembani zimene mwagwirizana, ndani achita chiyani, pofika liti, muzitumize tsiku lomwelo.

Magulupu awiri

Gulupu ya WhatsApp imatha kunyamula anthu 1,024, koma 23 okha ndi okwana kukwirira chilengezo m'mphindi 10. Ife tinagawa pawiri. Ina ndi ya zilengezo, ndipo tinaitchera kuti ma admin okha ndiwo azilemba. Ina ndi ya macheza, mmene mumalowa nthabwala, mpira ndi zithunzi za ana. Ya machezayo munthu akhoza kuimyuta maola 8, sabata kapena mpaka kalekale popanda kuphonya kanthu. Pitaninso ku Storage and data muzimitse kutsitsa mavidiyo kodzichitikira, apo ayi foni idzadza ndi zinthu zimene simunapemphe.

Uthenga wolembedwa kuti Forwarded many times, kutanthauza kuti wadutsa m'manja mwa anthu ambiri, muziuyang'ana ndi diso lokayika. WhatsApp yomwe inaona vutoli: mu 2019 inaletsa kutumiza uthenga umodzi kwa anthu kapena magulupu oposa 5 nthawi imodzi, ndipo mu 2020 inati umene wayenda kwambiri uzipita kumodzi kokha. Ngati simukudziwa amene anaulemba, usadutsire kwa inu.

Nambala 6 zimene simuyenera kupatsa munthu

Madzulo ena mayi wina wa m'gulu lathu analandira SMS yokhala ndi manambala 6. Nthawi yomweyo pa WhatsApp panabwera uthenga wochokera kwa mnzake amene amamudziwa bwino: "Pepani, ndatumiza nambala yanga kwa inu molakwitsa, ndibwezereni." Anabweza. Pasanathe mphindi WhatsApp yake inatseka, ndipo ife tonse tinayamba kulandira mauthenga m'dzina lake oti ali pa vuto, timutumizire ndalama msanga. Mnzake uja nayenso anali ataberedwa kale akaunti mwa njira yomweyo.

Manambala amenewo ndi kiyi wa akaunti yanu. Wakuba amalemba nambala yanu ya foni pa foni yake, WhatsApp n'kutumiza kiyiyo kwa inu, iye n'kukupemphani. Musapatse aliyense, ngakhale m'bale wanu. Lero lomwe lowani ku Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanuyanu ndi imelo yoti idzakuthandizeni mukaiwala. Zikakuchitikirani, lowaninso ndi nambala yanu, mulandire SMS yatsopano. Mukangolemba manambala ake wakubayo amatulutsidwa, ngakhale kuti ngati anaika PIN yake mudzadikira masiku 7 kuti mulowe. Mayi athuwo anadikira sabata yathunthu, ife tikuimbira anthu mmodzimmodzi kuti asatumize kalikonse.

N'zoona kuti kuyambira mu 2016 mauthenga a pa WhatsApp amayenda otsekedwa moti wapakati sangawawerenge. Pa Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga, ndi chimodzimodzi, pamene pa inzake ya Telegram chitetezo chotere chili pa Secret Chat, osati pa macheza wamba kapena magulupu. Koma loko ameneyu amateteza uthenga uli pa njira. Ukafika, wolandirayo akhoza kuuonetsa aliyense. Ndipo munthu akakupemphani ndalama polemba, muimbireni mumve mawu ake, mumufunse kanthu kamene inu awiri nokha mukudziwa.

M'gulu lathu muli aphunzitsi athu akale, amene tinawapempha kuti akhale mlangizi. Foni yawo ndi ya mabatani. Poll saiona, Google Docs sanailowepo, imelo anasiya kalekale. Ana awo anawagulira foni yamakono, iwo anaibwezera m'bokosi. Choncho usiku woti mawa kuli msonkhano ndimawaimbira, ndimawawerengera mitu itatu ija, iwo amandiuza maganizo awo pang'onopang'ono, ine ndikulemba. Pa msonkhanopo ndimawaimbiranso, n'kuika foni pafupi ndi maikolofoni ya kompyuta. Mawu awo amamveka ngati akuchokera m'chitsime, koma akayamba kulankhula onse amatseka maikolofoni popanda wowauza.